Wogogoda pa Kaliyala

Iyi ndi ya ku Dedza, ya m'mwezi wa Juni, nthawi imene nkhungu imatsika m'phiri n'kudzayendayenda mumsika ngati nayonso ikufuna mbatata ya kachewere. Amene anaimva koyamba anaimva kwa mwiniwake, Fanuweli Katsekera, ndipo akuti poifotokoza maso ake ankangothawira kudenga.

Fanuweli anali dalaivala pamalo ena ogona alendo kuseri kwa phiri. Alendo ake sanali aphokoso ayi. Anali anthu aja ochokera kutali odzangoona mbalame, oti amatha ola lathunthu ali chilili, magalasi ali m'maso, chifukwa cha kambalame kochepa kuposa chibakera cha khanda. Galimoto imene ankawatengera m'nkhalango inali yaikulu, ya matayala okakala, yokwera miyala ngati mbuzi. Pamwamba pake panali kaliyala wachitsulo wochita kuwotcherera, ndipo pakaliyalapo pankakhala tayala lapadera, jeke wamtali, fosholo, zigubu ziwiri za mafuta ndi tenti yopinda.

Galimoto yotere siyenda chete. Imang'ung'udza apa, kutsokomola apo, palibe amadabwa. Koma chibwerereni Fanuweli ku Lilongwe, komwe anakasiya alendo kubwalo la ndege masabata awiri m'mbuyomo, pamwambapo panadza mawu achilendo. Go-go, kenako zii, kenako go. Kawiri mothamanga, kachitatu mochedwa. Anamanga nati aliyense amene dzanja lake linafikapo. Anathira girizi mpaka malaya ake onse anada. Kugogodako sikunasamuke. Tsiku lina kunayamba galimoto itaima, injini itazima, alendo atagwira mpweya poyang'ana mbalame imene anaisaka masiku atatu. Mbalameyo inauluka, ndipo alendowo anakadandaula.

Mwini malowo, Mayi Nsanjama, sankachulukitsa mawu. Anamuitana Fanuweli Lachinayi m'mawa n'kumuuza kuti galimotoyo akhala nayo zaka khumi ndi ziwiri ndipo sinachitepo zotere, ndiye vuto liyenera kukhala la woyendetsa. Mawa lake kunkafika alendo asanu ndi atatu okhala ndi makina ojambulira kulira kwa mbalame. Akadzangomveka go mmodzi yekha, makiyi adzapita kwa wina. Fanuweli anali ndi ana atatu, ndipo nyumba imene ankagonamo inali ya pantchito pomwepo. Ntchito ikatha, denga nalo lapita.

"Pitani nayo kwa aNamaseko," anatero Mayi Nsanjama. "Folo koloko ikhale ili pano."

Galaja ya aNamaseko inali pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa depoti, yopanda ndi chikwangwani chomwe. Amakanika anzawo aamuna ankalimbirana mainjini, koma iwo anasankha zimene ena amazinyoza: maphokoso. Anali mayi wamfupi, wovala ovolosi ya buluu ndi mpango wamaluwa kumutu, choko chili kukhutu ngati ndudu. Madalaivala ankati mayiwo amamva nyerere ikayetsemula. Ena ankati galimoto ikamabwera iwo atapereka msana, amadziwa msewu umene yachokera, poti fumbi la ku Mayani ndi fumbi la ku Lobi sililiritsa chitsulo mofanana. Kaya n'zoona kaya n'zapamowa, koma palibe galimoto inachokapo pamenepo ikugwederabe.

Sanafunse zambiri. Anakwera kutsogolo n'kumuuza Fanuweli kuti atsitse mawindo onse, azimitse wailesi, atseke pakamwa, ayende msewu wamiyala wopita kochekera matabwa. Iwo anatsinzina. Dzanja lina analitulutsa pawindo n'kugwira mwendo wa kaliyala, monga momwe namwino amagwirira pamkono pa wodwala. Dzanja linalo linali pabondo, zala zikupindika chimodzichimodzi.

Atabwerera pansi pa bulugama anatsegula maso.

"Mwanyamula kwaya, a dalaivala. Oyimba asanu ndi awiri."

Ndiye anawatchula mmodzimmodzi, ngati ana a m'nyumba mwawo. Jeke akukhulana ndi fosholo. Katcheni ka chivindikiro kakumenya chigubu. Labala ya pansi pa mwendo wakutsogolo yauma, ndiyo ikulira ngati mbewa. Nati wina wapakati wadya washa wake. Zitsulo za tenti zikusewera m'thumba mwake. Makwerero akumbuyo ang'aluka pachitsulo chachiwiri. Fanuweli, amene anayendetsa galimotoyo zaka zisanu ndi chimodzi akungomva chiphokoso chimodzi chachikulu, anangoti kukamwa yasa.

"Nanga wachisanu ndi chiwiri, mayi?"

"Ameneyo sitinadziwanebe."

Ntchito ya aNamaseko inali yokoma kuionerera. Anatsitsa katundu yense wapamwamba n'kumuyala pachiguduli mu ndondomeko imene anamutsitsira, kuti pobwezera pasasokonekere kanthu. Anatenga chubu chakale cha tayala la lole n'kuchidula timalamba ndi lumo, kenaka paliponse pamene chitsulo chinkapsompsonana ndi chitsulo chinzake analowetsapo kalamba kamodzi. Labala youma ija anaichotsa, yatsopano anaipaka sopo wochapira asanaiike. Nati wodya washa anamupatsa washa wina ndi nati mnzake pamwamba, amugwire. Makwerero anawawotcherera, moto uli thethethe, nkhope ataibisa kuseri kwa galasi lakuda. Bawuti aliyense amene amumanga ankamulemba kamtanda ka choko. Ataona waya amene Fanuweli anamangira fosholo anapukusa mutu, amvekere munthu womanga chonchi asamapatsidwe mbuzi kuti akaimangirire, mudzi ungathe chimanga. Fanuweli anaseka, kuseka kwake koyamba m'masabata awiri.

Pakaliyala panangotsala malamba awiri achikasu, omangirira katundu, atayalidwa chopingasa kumbali yakumanzere. Pansi pake panalibe kanthu. ANamaseko anakoka limodzi ndi chala, ndipo linalira ngati nsambo ya bangwe. Anafunsa kuti nanga awa akugwira chiyani chonchi. Fanuweli anayankha msangamsanga kuti ndi a tenti. Mayiwo anamuyang'ana pang'ono, n'kuwasiya.

Anabwereranso pamsewu wamiyala uja. Mbewa ija inali itafa. Makwerero anali duu. Galimoto inkadutsa pamabampu ngati yavala masokosi, ndipo Fanuweli anayamba kuona ana ake akugona m'nyumba ija mpaka chaka chamawa. Atakwera pamsewu wa phula, posalala popanda ndi kamwala komwe, zinamveka.

Go-go. Go.

ANamaseko sanatsegule maso. Anamuuza kuti apitirire. Atayandikira mphambano ina pamene msewu wafumbi umapatuka kutsikira kum'mawa, kugogoda kunakula, kunafulumira, denga lonse likunjenjemera. Atapitirira mphambanoyo kunafooka, n'kusanduka kakulira kakang'ono kosamveka bwino. Anamuuza kuti atembenuke adutsenso. Zinachitika chimodzimodzi. Kachitatunso chimodzimodzi. Mayiwo anafunsa kuti msewu wafumbiwo umapita kuti, ndipo Fanuweli anati sakuudziwa bwino. Thukuta linali litamera pamphuno pake, m'nyengo yoti anthu akuwotha moto masana.

Pansi pa bulugama anapeza kuti nati wa kaliyala, wakumbuyo kumanzere, wamasuka. Kamtanda kake ka choko kanali katafufutika, osati ngati kafufutika ndi mphepo, koma ngati wina wadutsitsapo chala chachikulu. ANamaseko anapisa dzanja m'thumba la ovolosi kufuna sipanala yawo ya nambala sateni, koma munalibe. Anaifunafuna pachiguduli, pansi pa mpando, m'bokosi la zitsulo. Inapezeka pamwamba, pakati pa malamba awiri aja, itagonekedwa bwinobwino ngati mpeni umene munthu wabweza atamaliza kusendera.

Apa mayiwo anasiya nthabwala. Anathyola kansungwi n'kuyeza kuchokera pansi kufika pachitsulo cha pamwamba pa tayala lakumbuyo, kumanja kenaka kumanzere. Kumanzere kunali kotsika ndi zala zinayi. Analowa pansi pa galimoto chagada, nagogoda masipuling'i limodzilimodzi, ndipo onse anayankha bwino. Anaponda matayala, mpweya unali wofanana. Galimoto yopanda katundu inali itapendekeka ngati mayi wobereka mwana pambali.

"Ndikwera pamwamba," anatero. "Muyende pang'onopang'ono. Musaime mpaka ndikuuzeni."

Dzuwa linali litangoboola nkhungu, lofooka, lotuwa. Fanuweli anayenda giya yoyamba. Pagalasi lapambali ankaona phewa la aNamaseko ndi nsonga ya mpango wawo. Poyamba anakhala pakati penipeni pa kaliyala. Asanapite patali anawaona akusendera kumanja, n'kusenderanso, mpaka anakakhala m'mphepete mwenimweni, chikhalirecho kaliyala yense anali mbee. Kenako anamva m'manja mukuombedwa mofatsa, katatu, kuomba kwa munthu amene walowa m'nyumba ya eni osaodira.

Kutsogolo kunkabwera bambo wina pa njinga yonyamula matumba a makala. Atayandikira anayang'ana pamwamba pa galimoto, natsika panjingapo, navula chipewa, n'kuima pambali mutu uli pansi. Amayi amene anali pamjigo anasiya kupopa. Mmodzi anakhala pansi n'kufunditsa chitenje kumapazi. Fanuweli anatembenuzira maso kumanja kuthawa zimenezo, ndipo kumeneko anakumana ndi chithunzithunzi cha galimoto chikuyenda paudzu, kaliyala wake, ndi zimene zinakhala pakaliyalapo. Sanawerenge mitu. Anabweza maso pamsewu, manja atauma pachiwongolero.

ANamaseko atatsika anasamba m'manja ndi sopo, pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha. Anakhala patayala lakale, namulozera Fanuweli tayala lina.

"Chitsulo chimalira pabampu, achimwene. Sichidziwa mphambano. Munanyamula ndani?"

Sanati chiyani. Anati ndani. Ndipo Fanuweli, amene anaisunga nkhaniyo ngakhale kwa mkazi wake, anaimasula yonse.

Achemwali ake a Edesi, amene anamulera mayi awo atamwalira, anatsirizika pachipatala china ku Lilongwe tsiku lomwelo iye anakasiya alendo kubwalo la ndege. Abale onse anali kumudzi, galimoto yonyamula maliro panalibe, ndipo iye anali ndi chigalimoto chopanda munthu. Kupempha kwa madamu, Mayi Nsanjama, anaopa, poti galimoto ya alendo ndi ya alendo. Kuika bokosi m'kati anaopanso, kuti lingakande mipando, madamu angaone n'kufunsa. Ndiye analikweza pakaliyala, analifunditsa tenti, n'kulimanga ndi malamba awiri achikasu. Anapatukira pamphambano ija, nafika kumudzi dzuwa likulowa.

Kwawo kwa Fanuweli kuli mwambo wake. Amene wabweretsa maliro amazimitsa injini, amagogoda pagalimoto, amatchula dzina la womwalirayo n'kumuuza kuti tafika, tsikani. Ndipo zingwe zimene zamanga bokosi sizibwerera, zimakalowa nalo limodzi m'manda. Fanuweli ankazidziwa zonsezi chiyambire ali mwana. Koma nthawi inali itamuthera, ndipo malambawo anali a pantchito, oti madamu amawadziwa. Injini sanazimitse. Adzukulu atangotsitsa bokosi, iye anakoka malamba, nalumphira pampando. Pagalasi anaona malume ake a Jailosi akuthamangira galimoto, dzanja lili m'mwamba. Anasintha giya. Kuntchito anakanena kuti tayala linaphulika panjira. Maliro a achemwali ake sanaike nawo.

"Malambawo ndimawapinda madzulo alionse n'kuwaika pansi pa mpando," anatero, mawu akutha. "M'mawa ndimawapeza pamwamba. Ndipo kugogodako ndikukudziwa, mayi. Ndi mmene ankandidzutsira popita kusukulu."

ANamaseko sanamukalipire. Anayang'ana dzuwa, linali litapendeka, cha m'ma thu koloko. Anafunsa kutalika kwa kumudziko, ndipo Fanuweli anati maola awiri ndi theka, msewu ukakhala wachifundo. Onse awiri anadziwa tanthauzo lake. Folo koloko ikawapeza ali pakati pa njira, ndipo bodza la tayala silinenedwa kawiri.

"Chubu ndili nacho chambiri," anatero aNamaseko. "Ndikhoza kukulunga kaliyala yenseyu, chitsulo chilichonse, ndi kuyala chiguduli padenga. Madamu anu sadzamva kanthu, makina a alendo sadzamva kanthu, ntchito yanu ikhalapo. Ndinene zoona, ndikhoza. Koma adzakhala ali pompo. Ndipo pamwambapo pakuzizira, achimwene. Ine ndakhalapo mphindi khumi zokha, zala zauma."

Fanuweli anayang'ana mulu wa machubu umene unali patsinde pa mtengo. Anauyang'ana nthawi yaitali, moti akuti mpaka lero amachita manyazi akakumbukira kutalika kwake. Anaganiza za ana ake atatu, za katundu wawo ali pamsewu. Kenaka anaganiza za mphepo ya m'phiri imene ankaidula m'mawa uliwonse, iye ali m'kati atavala jekete, mawindo atatseka.

Anadzuka n'kutulutsa makiyi. ANamaseko anaitana mayi wogulitsa zitumbuwa pafupipo kuti awayang'anire katundu wapachiguduli, natenga sipanala yawo n'kukwera kutsogolo. Fanuweli atawauza kuti asavutike, anayankha kuti iwo sasiya galimoto isanachire, oyimba anali asanu ndi awiri ndipo atontholetsa asanu ndi mmodzi okha.

Atangopatukira pamsewu wafumbi, kugogoda kunaleka. M'malo mwake malamba aja anayamba kulira ndi mphepo, chapansipansi, kukwera n'kutsika ngati munthu wong'ung'udza nyimbo akusankha nyemba. ANamaseko anamuuza kuti ayendetse ngati wanyamula beseni lodzaza madzi. Pabampu paliponse ankamva iwo bampuyo isanafike, n'kukweza chala kuti achepetse. Akafika pamlatho ankatulutsa mutu pawindo n'kunena modekha, cha kumwamba, kuti tikuwoloka tsopano.

Nkhungu inabweranso. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inkatulukira imodziimodzi ngati anthu oima pamzere. Folo koloko itakwana, foni inalira m'thumba la Fanuweli. Inalira mpaka inatopa. Inaliranso. Kachitatu inalira pang'ono chabe n'kuduka, ndipo kudukako kunamupweteka kuposa kulira kuja.

Penapake m'chigwa, pomwe panalibe nyumba ngakhale imodzi, panaima nkhalamba yaikazi yosenza kamtolo ka nkhuni, ikuimitsa galimoto. Fanuweli anaima. Nkhalambayo inafika pawindo, inaona mipando yonse yakumbuyo ili yokhayokha, kenaka inakweza maso pamwamba. Inabwerera m'mbuyo masitepe awiri n'kupinda bondo.

"Pepani, sindinaone kuti muli ndi ulendo wanu. Pitani, akuzizidwa."

Atayenda pang'ono Fanuweli anayang'ana pagalasi. Panali nkhungu yokha. Anafuna kulankhula, koma aNamaseko anangomulozera kutsogolo ndi mlomo.

Anafika kumudzi kukuyamba kuchita mdima, nthawi imene nkhuku zimalowa. Nyumba ya a Edesi inali yotseka, pabwalo pali phulusa la moto wa pamaliro. Pakhonde panakhala malume a Jailosi, atafunda bulangete, ngati munthu amene anauzidwa ola lake. Sanadzuke msanga. Anayang'ana galimoto yopendekekayo, nayang'ana mphwawo.

"Lero uzimitsa injini?"

Fanuweli anazimitsa. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zapafupi n'kuima patali, amayi atagwira kukamwa. Malume anamuuza, mosakweza mawu, kuti tsiku loika maliro adzukulu ankayang'anana, chifukwa bokosi linkapepuka ngati lichero. Palibe ananena kanthu kwa anamfedwa, koma mudzi wonse unadziwa kuti akwirira matabwa.

ANamaseko anapereka moni kwa malumewo atagwada, ovolosi ili m'fumbi. Kenaka anayamba ntchito ngati ali pansi pa bulugama wawo. Anamuuza Fanuweli kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, makwerero ayang'ane kukhomo la nyumba. Iye anati injini wazimitsa kale ndipo sangailizenso. Mayiwo anavomera kuti wanena zoona, ndipo amuna anayi anabwera kudzaikankha ndi manja. ANamaseko anapempha kampando n'kukaika pansi pa makwerero, akuti munthu wamkulu sadumpha. Anapukuta zitsulo za makwererowo ndi nsonga ya mpango wawo, chifukwa zinali zitanyowa ndi nkhungu.

Fanuweli anakwera patayala lakumbuyo kuti amasule malamba. Chitsulo chomangira sichinasunthe. Anakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka chikhadabo chinang'ambika, lamba ali gwa ngati wawotchereredwa.

"Osalimbana naye," anatero aNamaseko ali pansi. "Lamba wokoka kwambiri amaluma dzino lake. Yambani mwamumangitsa pang'ono, dzino lipume, kenaka mutsegule."

Kumangitsanso chinthu chimene akufuna kuchimasula kunamuvuta mumtima, koma anamvera. Anakankha chogwirira kamodzi, chinati the, ndipo lamba anagwa lende. Wachiwiri chimodzimodzi. Anatsika nawo, nawapereka kwa malume ndi manja awiri.

Kenaka anaima pambali pa galimoto. Anakweza dzanja n'kugogoda pachitseko.

"Achemwali. A Edesi. Ndine Fanuweli. Ndinakuyendetsani m'mphepo, mundikhululukire. Tafika kwanu. Tsikani."

Palibe chinachitika. Nkhungu inkangoyenda pabwalopo. Mwana wina analira kunyumba ina, amake n'kumutseka pakamwa ndi bere. Fanuweli anayang'ana aNamaseko ngati kufunsa kuti walakwitsa pati. Mayiwo anali atapendeketsa mutu, atatsinzina, akumvetsera chinthu chimene wina aliyense sanachimve. Kenaka anamwetulira pang'ono, nayandikira kumbuyo kwa galimoto n'kulankhula cha kumwamba, ndi mawu amene mayi amalankhulira kwa mayi mnzake pachitsime.

"Chitsulo chachiwiri chija ndawotcherera, mayi. Pondani osaopa."

Kaliyala anati kwii, kamodzi. Makwerero analira chitsulo chapamwamba, kenaka chachiwiri, kenaka chachitatu, kulira kofatsa kwa phazi losavala nsapato. Kampando kanasuntha pang'ono m'fumbi. Ndipo onse amene analipo anaona galimoto ikudzuka kumanzere, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe imene aitula goli, mpaka inaima mowongoka.

Thadzi limene linali pakhomo ndi anapiye ake linapatuka, anapiye ena uku ena uku. Malume a Jailosi anavula chipewa. Kenaka amayi anayamba kulira maliro, kulira kwenikweni tsopano, ndipo Fanuweli anakhala pansi pafumbi n'kulira nawo, kulira kumene anakuthawa masabata awiri.

Malamba anaperekedwa kwa mkulu wa adzukulu madzulo omwewo. Fanuweli ndi aNamaseko anagona kumudziko, nanyamuka tambala woyamba atalira. Njira yonse galimoto sinanene kanthu. Pansi pa bulugama mayiwo anamanga nati uja, namulemba kamtanda kake, nabwezera katundu yense mu ndondomeko yake, tenti ataimanga ndi chingwe cha khonje. Anayezanso ndi kansungwi kaja, mbali zonse zinali ndendende. Fanuweli anawapempha kuti amuperekeze kwa madamu akamuthandize kufotokoza.

"Ine ndimakonza zogwedera pagalimoto," anatero. "Za pakamwa panu mukamange nokha."

Mayi Nsanjama anali ataima pageti, atapinda manja, sikisi koloko isanakwane. Sanamufunse kumene anagona. Anatambasula dzanja, ndipo Fanuweli anaikamo makiyi. Anakwera okha, nayendetsa galimoto kukwera kamsewu kamiyala kopita kuthanki ya madzi, kamene ngakhale wilibala imadandaula. Fanuweli anatsala pageti akumvetsera. Ankamva injini, ankamva miyala ikuphwanyika pansi pa matayala, basi. Galimoto inabwerera. Madamu anatsika, anaizungulira, nayang'ana timitanda ta choko ndi timalamba ta chubu tobisika bwino pakati pa zitsulo.

"Mayi aja ndi mmisiri," anatero. Kenaka maso awo anaima pa chingwe cha khonje. "Malamba anga achikasu ali kuti, a Katsekera?"

Bodza linafika palilime lokhalokha, lokonzeka, loti anaduka. Fanuweli analimeza.

"Ali kumanda, madamu. Kwa achemwali anga."

Ndipo anafotokoza zonse, kuyambira kubwalo la ndege mpaka pa kampando, maso ali pa makiyi amene anali m'manja mwa madamu. Mayi Nsanjama anamvetsera osamudula. Atamaliza anafunsa funso limodzi lokha, kuti bokosilo analiikiranji pamwamba. Iye anati ankaopa kukanda mipando.

Madamu anapita kumbuyo kwa galimoto n'kutsegula chitseko chachikulu. Anawerama, nakoka kachitsulo kena pansi pa mpando, ndipo mpando wonse unapindikira kukhoma. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Pakati panatsala malo aatali, oti munthu n'kugona atatambalala. Pansi pake, pamphasa ya labala, panali mizere iwiri yakale yokandika, kuchokera kukhomo mpaka kutsogolo.

"Amuna anga atamwalira, bokosi lawo linachokera ku Blantyre m'menemu," anatero. "Ine ndinakhala pambali pawo njira yonse. Mukanandiimbira foni, a Katsekera, achemwali anu akanayenda m'kati."

Fanuweli anayang'ana mizere iwiriyo. Anali ataikolopa kambirimbiri osadzifunsa kuti inadza bwanji.

Mayi Nsanjama anabwezera mipando, natseka chitseko mofatsa. Anamugwira dzanja, nalitembenuza, n'kuikamo makiyi.

"Kasambeni kumaso. Alendo akufika eyiti koloko."